Bokosi la Mabuku ndi Manda a Banaba

Ndikati ndiwakumbukire agogo anga aNankhoma, nkhope yawo imachedwa kubwera. Chimene chimatsogola ndi fungo la chinangwa chovuulidwa kumene m'mitsuko, fungo lowawasa lija lokakamira m'zikhadabo ngakhale usambe ndi sopo, kenako phokoso la kampeni kawo kopanda chigwiriro kakupala, ndi nkhuku zikulimbirana makoko pafupi ndi mapazi awo. Ntchito imeneyi ankaigwira pakhonde, msana atatsamira khoma, nkhope italoza njira yotsika kuchokera kuphiri. Sindinawaonepo atafulatira njira. Manja ankasenda okha, maso ali pa aliyense wodutsa, kumuona kumene wachokera, chimene wanyamula, ndi ngati wacheuka podutsa pakhomo pathu.

Anabwera kuno kuchokera ku Nkhotakota ali mtsikana, pa bwato la amuna awo, nakhazikika m'mudzi wina wa kutsidya lino la nyanja, pakati pa Lipingo ndi Mbamba Bay. M'nyumba tinkalankhula Chichewa, panja Chiswahili. Anakhala pakati pa anthu amenewo mpaka imvi, anapita nawo kutchalitchi, anavina nawo m'maukwati, koma palibe ndi mmodzi yemwe amene anamukhulupirira. Mnansi akabweretsa mbale ya mbatata kapena nsomba yophika, ankailandira ndi manja awiri, "Asante, asante, mama," kumwetulira mpaka munthuyo atakhota kuseri kwa mtengo wa mango. Akatero ankanyema pang'ono n'kuponyera nkhuku ina yotsimphina imene ankaisungira ntchito yomweyo. Ife tinkadikira, malovu ali m'kamwa, mpaka nkhukuyo itameza n'kuyenda bwinobwino.

"Zakumva n'za eni ake," ankatero. "Ine ndili ndi maso awiriwa basi."

Lero gogo ndine, ndipo ana anga amadandaula kuti ndinatengera. Sindikana. Koma iwo sanalipo tsiku limene ndikufuna kufotokozali.

Chaka chimenecho m'mudzi munalowa chikuku. Mlongo wanga Banaba, amene anali asanayambe sukulu, anatentha thupi, maso anafiira, zidzolo zinatuluka mpaka m'kamwa. Bambo anali kutali, ku Lituhi, kumene asodzi ankakamanga misasa nyengo ya usipa. Amayi anamubereka kupita naye kuchipatala cha mishoni, ulendo wa kuwoloka mtsinje ndi kukwera phiri, ine n'kutsala ndi agogo. Nkhani zinkabwera ndi anthu odutsa. Wina ankati akupezako bwino, wina ankati wasiya kudya. Agogo ankangoyankha kuti "Chabwino," n'kupitiriza kusenda. M'sabata imeneyo ana awiri a m'mudzi mwathu anali ataikidwa kale.

Mabuku kwathu kunalibe. Kutchalitchi kunali Baibulo ndi buku la nyimbo, zotsekeredwa m'kabati. Kusukulu buku linkakhala limodzi m'manja mwa mwalimu, ife n'kumakopera pa bolodi. Ndiye masisitere a kumishoni anasonkhanitsa mabuku akale, nagwirizana ndi masukulu a m'midzi ya kunyanja kuti ana okulirapo azikawatenga. Akakhala m'mudzi umodzi mpaka mwezi kutha, ana a mudzi wotsatira azibwera kudzawanyamula. Mudzi wathu ndiwo unali woyamba. Mwalimu Komba atafunsa ofuna kupita, ndinakweza dzanja msanga. Za mabukuzo sindinkaziganiza n'komwe. Ndinkafuna kukaona Banaba.

"Chinthu chaulere?" anafunsa agogo nditawauza. "Akufuna chiyani kwa ife?"

"Akuti tiziwerenga, agogo."

"Akuti." Anapala chinangwa china mpaka kutha. "Pita. Koma ukamuone ndi maso ako, umugwire pamphumi. Za anamwino usakandibweretsere."

Kuchipatala sanandilole. Mlonda wa pageti anati ana salowa m'chipinda cha chikuku, ndipo kulira kwanga sikunamusunthe. Amayi anatuluka okha, atawonda, mawu atasasa ngati munthu amene wakhala akupemphera mokweza. Anati Banaba maso anamatirira, madzi akumwa pang'onopang'ono. Ndinafunsa ngati achire. Anayang'ana kumwamba nati mvula ikubwera, kenako anamasula chitenje chawo chapamwamba, chachikasu chokhala ndi nkhanga zakuda, chimene agogo anawagulira okha, n'kundifunditsa kumutu.

Tsono mabuku aja anatipatsa ali m'bokosi. Analikhoma ndi mmisiri wa matabwa wa pamishoni, yemwe ankakhomanso mabenchi a tchalitchi ndi mabokosi a maliro, ndipo dzanja la munthu silisintha. Analipanga lalitali, lopapatiza, kuti lizidutsa bwino m'tinjira ta m'phiri, la matabwa oyera osapaka utoto. Ife ana sitinaonepo chachilendo. Tinalimanga pa mitengo iwiri, anayi n'kusenza pamapewa, ena kudikira kulandira. Mvula itayamba, mwalimu anada nkhawa kuti madzi alowa m'ming'alu, ndipo ine ndinavula chitenje cha amayi n'kufunditsa bokosilo. Kuti miyendo ya onyamula igwirizane, anatiuza kuti tiziimba. Nyimbo zimene tonse tinkazidziwa zinali za kutchalitchi, ndipo ana otopa, anjala, onyowa, amaimba mokoka. Ine ndinali patsogolo, ndikulira njira yonse, chifukwa ndinali ndisanamuone Banaba ndipo ndinkadziwa funso limene linkandidikira pakhonde.

Tinapeza mtsinje utadzaza, madzi ofiira akugubuduza miyala ndi zitsa. Tinatula bokosi pansi pa mkuyu n'kukhala molizungulira kudikira kuti madzi aphwe. Kutsidya kunafika a Kayombo, bambo wa m'mudzi mwathu wogulitsa nsomba zouma pa njinga. Anafuula zinazake, koma mkokomo wa madzi unameza mawu onse. Analoza bokosi. Mwalimu, poganiza kuti akufunsa kumene likupita, analoza kumudzi kwathu. A Kayombo anandiyang'ana ine nthawi yaitali, anavula chipewa, anatembenuza njinga.

Zimene zinachitika kumudzi ndinazimva pambuyo pake kwa anthu ambiri, ndipo onse amafotokoza mofanana. A Kayombo anafika pakhomo pathu akupuma movutikira, nagwada.

"Pepani, mama. Akubwera naye. Ana asukulu ndi amene anyamula."

"Mwaona mtembo?"

"Ndaona bokosi."

"Bokosi si mtembo," anatero agogo.

Anasiya kampeni, anapukuta manja, anakwera thanthwe la kuseri kwa nyumba kumene ankayanika chinangwa. Ukaima pamenepo umaona dooko la mtsinje patali ndithu. Anaona bokosi lalitali ngati mwana. Anaona chikasu cha chitenje chimene anasankha okha pamsika. Anaona ana atakhala molizungulira mitu ili pansi, ndi ine mdzukulu wawo nditaima pambali, manja ali kumaso. Maso awo awiri aja anawauza zonse.

Kwathu mfuu woyamba umachokera kwa mwini maliro, ena amadikira. Ndipo agogo panalibe amene anawamvapo akulira, ngakhale tsiku limene anaika amuna awo. Choncho mfuu wawo utamveka kuchokera pathanthwe, palibe anafunsa kawiri. Ngati aNankhoma alira, ndiye kuti n'zoona. Amayi a m'mudzi anasiya mitondo, amuna anatenga makasu. Mwana wa chikuku sagonekedwa, amaikidwa tsiku lomwelo.

Ife tinawoloka dzuwa litapendeka, madzi akutifika m'chiuno, bokosi titalikweza pamwamba pa mitu. Titayandikira mudzi ndinaona nthambi zaziwisi zitaikidwa panjira, chizindikiro chakuti pamudzi pagwa zovuta. Nyimbo yathu inazima yokha. Kenako ndinamva kulira, kochuluka, kochokera mbali ya kwathu, ndipo pakati pa mawu onsewo ndinamva dzina. Banaba. Banaba iwe.

Sindinaganize za bokosi ayi. Ndinaganiza kuti wamwalira ife titangochoka, ndipo uthenga wadzera njira ina n'kutipitirira pamene tinkadikira pamtsinje. Ndinagwa m'matope ndikufuula dzina lake, ndipo amene anali ndi kachikayiko kalikonse, atandiona ine, kanawathera pomwepo. Amayi a m'mudzi anatithamangira, analanda mitengo pamapewa a anzanga. "Pole, pepani, ana inu, akusenzetsani zazikulu." Mwalimu Komba ankathamanga pambali akukuwa, "Jamani, ni vitabu! Ndi mabuku awa!" koma ndani akanamumva? Mayi wina wonyamula ndinamumva akuti, "Kamwana kakang'ono kulemera chonchi?" Mnzake anamuyankha kuti imfa imalemera.

Analiika pamphasa pakati pa nyumba yathu. Wina anandikokera m'kati. Agogo anali atakhala pansi miyendo atatambasula, duku litagwa, nkhope imene sindinkaidziwa. Anakwawa n'kufika pa bokosi, anachotsa chitenje, anachinunkhiza.

"Nditsegulireni. Ndimuone."

Chivundikiro chinali chosakhomera. Chinangotseguka.

Kulira kunatha kuyambira m'nyumba, kukafika pakhonde, kukafika pabwalo, ngati moto wothiridwa madzi mbali imodzi. Mabuku anali atandandalikidwa bwinobwino, misana ili m'mwamba, ofiira, obiriwira, ena ong'ambika. Panja wina anaseka kamodzi n'kudzitseka pakamwa. Agogo anapisa dzanja mpaka pansi pa bokosi, kumutu, kumiyendo. Kenako anatembenukira kwa ine.

"Agata. Banaba ali kuti?"

"Kuchipatala, agogo."

"Wamuona?"

"Sanandilole."

"Ali moyo kapena ayi?"

"Sindikudziwa."

Mantha enieni anayambira pamenepo. Munthu wakufa umadziwa chochita naye. Koma ife tinali titalira mwana amene mwina akupumabe, titamutchula dzina pamaliro mudzi wonse, ali gone pakati pa moyo ndi imfa kuseri kwa phiri. Anthu anayamba kusuntha kutalikirana ndi bokosilo. Pakhomo panaima Mzee Haule, mkulu wa okumba manda, dothi lofiira lili mpaka m'mawondo.

"Mama," anatero motsitsa mawu, "dzenje latha. Takumba pa msinkhu wake."

Kenako analoza kumanda n'kupitiriza.

"Silingagone lotsegula, ndipo silikwiriridwa lopanda kanthu. Mukudziwa. Likakhala chomwecho limadikira mwini wake. Tidule mgomba."

Mgomba ndi thunthu la nthochi. Msodzi akamira osapezeka, kapena manda akakumbidwa molakwika, ndilo limaikidwa m'malo mwa munthu. Zimenezo aliyense anavomera, ngakhale akuluakulu a tchalitchi anangoyang'ana kumbali. Koma mayi wina kumbuyo anati thunthu lokha silikwanira. Bokosi lalowa m'nyumba ngati maliro, laliridwa, misozi yagwerapo. Lipite lonse, ndi zonse zili m'katimo. Ena anavomereza. Ndani angalole mwana wake kugwira mabuku obwera ndi malodza chonchi?

Mwalimu Komba anagwada pakati pa nyumba, mwamuna wamkulu, buluku lili matope okhaokha. "Wazee wangu, akuluakulu anga, chonde. Ana awa ayenda tsiku lonse. Midzi ina ikudikira mabuku omwewa. Ndi mapepala chabe, sanalakwe kanthu."

"Mwana ndi wanu, mwalimu?" anafunsa mayi uja. "Akafa mudzabereka wina wa mapepala?"

Ine ndinali kumbali ya mayiyo. Mapewa anga anali atasupuka ndi mitengo ya bokosi lomwelo, koma ndinagwira mwendo wa agogo. "Akwirire, agogo. Akwirire onse. Banaba asafe."

Agogo sanandiyang'ane. Anatenga buku limodzi, analigwira pamsana n'kulikutumula ngati mmene ankakutumulira nsalu yogula kwa munthu wachilendo. Munagwa kaduwa kouma. Analinunkhiza, analiika pambali, anatenga lina. Kuwerenga sankadziwa ngakhale dzina lawo. Nyumba yonse inkawayang'ana.

"Ine ndalirira bokosi ndi chitenje," anatero potsiriza. "Izi sindinazione, sindinazilirire. Bokosi tengani. Chitenje tengani, mukulungire mgombawo."

"Mama, muganize bwino," anatero Mzee Haule.

"Ndaganiza. Mwana wanga wagona pa bedi la anthu a mishoni. Mankhwala ali m'manja mwawo, supuni ili m'manja mwawo. Mawa akamve kuti katundu wawo tamukwirira kumanda, ndiye azikamuyang'ana ndi maso otani? Inu mukuopa dzenje. Ine ndikuopa dzenje, ndikuopanso anthu." Anandikankha ndi bondo. "Dzuka iwe. Tenga madengu a usipa."

Tinakhuthulira mabuku m'madengu. Anyamata anadula nthochi ya kuseri kwa nyumba, thunthu lake analiyeza ndi maso pa msinkhu wa Banaba, analikulunga m'chitenje cha amayi, nkhanga zakuda zija zili pamwamba. Likulowa m'bokosi linkaoneka ngati mwana weniweni. Tisananyamuke agogo anaima pakhomo.

"Aliyense wotulutsa msozi kumandako athana ndi ine. Talira zokwanira."

Sindinaonepo maliro oopsa ngati amenewo. Popanda nyimbo, popanda pemphero, popanda kulira, kumangomveka mapazi m'matope ndi madontho akugwa m'masamba. Ine ndinkaluma mlomo mpaka kulawa magazi, kuopa kuti msozi umodzi ukagwa ndiye ndamupha. Bokosi litatsika, Mzee Haule anawerama n'kulankhula ndi dzenjelo ngati akulankhula ndi munthu wovuta. "Unafuna, takupatsa. Mwanayo umusiye." Dothi linagunda pa matabwa. Kulira kwa dothi pa bokosi n'kumodzi, kaya m'kati muli munthu kaya nthochi.

Mabuku palibe anafuna kuwasunga, ngakhale kusukulu anthu anakaniza, choncho anagona m'nyumba mwathu. Kutacha, nkhuku zisanatsike bwino, agogo anali atamanga kale duku. Anasolola buku limodzi m'dengu n'kundipatsa.

"Nyamula poonekera. Akaone kuti zinthu zawo zilipo."

Tinalowera kuchipatala. Munthu aliyense wochokera kutsogolo ndinkayang'ana nkhope yake kuti ndione ngati watisenzera uthenga. Pamtsinje, pansi pa mkuyu, panali pakadali chizindikiro cha pomwe tinatula bokosi, udzu utagona motalika ngati kamanda. Agogo anapalambalala. Pokwera phiri tinakumana ndi bambo wina atabereka mayi wokalamba kumsana, kenako amayi awiri atanyamula mphasa yokulungakulunga. Agogo anaima, anaiyang'anitsitsa mphasayo mpaka eni ake anakwiya. Munali mapoto.

Pageti panali namwino wovala zoyera. Atamva dzina la Banaba anamwetulira, nawatchula agogo kuti bibi, ndiko kuti gogo m'Chiswahili. "Alipo, bibi, lero wamwako phala. Dikirani pano ndikaitane mayi ake."

Agogo anamudutsa ngati sanamve. Mlonda anatambasula dzanja, iwo analiyang'ana dzanjalo mpaka analibweza. Ine ndinazungulira kuseri kwa chipindacho, ndinagubuduza mwala, ndinakwerapo n'kusuzumira pazenera la waya.

Ndinamuona. Anali pa bedi la pakona, wochepa ngati si iye, khungu likusupuka ngati la chinangwa chophika, maso atamatirira ndi mafinya. Sankagwedezeka. Amayi anali atagona pansi pambali pa bedi. Agogo anafika, anaima, anamuyang'ana. Ndinkayembekeza kuti apumira m'mwamba, popeza chifuwa chake chinkakwera ndi kutsika, ine ndemwe ndinkachiona. Koma anaika dzanja pamphumi pake. Anaika khutu pakamwa pake. Kenako anagwira mnofu wa pantchafu n'kumutsina, kutsina kwenikweni, kopotokola.

Banaba analira. Kamawu kakang'ono, kosasa, ngati ka mwana wa mphaka.

Amayi anadzambatuka. "Amayi! Mwatani? Mwana akudwala uyu!"

"Ndimafuna ndimve," anatero agogo. Anakhala pansi pa simenti mwadzidzidzi.

Ndinamuitana pazenera. Anatembenuzira mutu kumene kunkachokera mawu.

"Agata? Wandibweretsera chiyani?"

Ndinalibe nthochi, ndinalibe bumunda, kamkate ka nthochi kaja, ndinalibe kanthu. Ndinali ndi buku lija lokha, limene ndinalinyamula njira yonse ndi nsonga za zala ngati chinthu chotentha. Ndinalitsegula. Linali la Chiswahili, lofotokoza za sitima yapamtunda. Zithunzi sakanaziona, ndiye ndinayamba kumuwerengera, ndikugunda mawu ngati njinga pamiyala, n'kumamumasulira m'Chichewa. Ana ena a m'chipindamo anasiya kubuula. Ndinati sitimayo ndi yaitali kuposa mudzi wathu, imanyamula anthu ndi ng'ombe, imalira ikamafika.

"Imayenda pamadzi?" anafunsa.

"Ayi. Pa zitsulo ziwiri zoyalidwa pansi."

"Ukunama."

Agogo anadzutsa mutu. "Achira uyu," anatero. "Wayamba kukana zomuuza."

Anachiradi, ngakhale diso lamanzere linatsala loyera ndipo silionanso. Tsiku limene anabwerera, atakwera pamapewa a bambo amene anali atamva zonse ku Lituhi n'kubwera wapansi, mudzi wonse unatuluka, koma palibe analulutira mpaka agogo atamutsitsa n'kumuimika pansi ndi miyendo yake. Kuyambira pomwepo dzina lakuti Banaba linatsala la m'nyumba. Kunja ndi Mgomba mpaka lero. Ndi nkhalamba ya imvi tsopano, amasoka maukonde ku Lipingo, ndipo anzake akamakambirana za imfa pa bawo amati, "Inu konzekani. Ine manda anga ndinapitako kale, muli mlendo." Anthu amaseka. Ine sindiseka, ndipo iye amadziwa kuti nthabwala imeneyo sainena ndilipo.

Mabuku aja anakhala m'madengu masiku angapo popanda wowakhudza. Banaba atayamba kuthamangitsa nkhuku pabwalo, anthu anayamba kubwera mmodzimmodzi. Woyamba anali a Kayombo, chipewa chili m'manja, maso ali pansi, kufunsa ngati muli buku la kukonza njinga. Mayi uja amene ankati akwiriridwe anatuma mwana wake madzulo ena, iye atabisala kuseri kwa mango. Motero agogo, osadziwa chilembo n'chimodzi chomwe, anasanduka msungi wa mabuku a mudzi. Ankadziwa lililonse ndi mtundu wake ndi pomwe linang'ambika. Lobwezedwa ankalikutumula, kulinunkhiza, kuyang'ana ngati wina wadulamo tsamba lopichira fodya, ndipo amene anayesa zimenezo sanayesenso. Ana tinkakhala pakhonde kuwerengera akuluakulu mokweza, iwo akusenda chinangwa, nkhope ili kunjira, nthawi zina n'kuponyamo mawu: "Analemayo anaziona yekha?"

Mwezi utatha anabwera ana a mudzi wotsatira, ndi mwalimu wawo, atanyamula bokosi latsopano limene masisitere anakhometsa atamva nkhani yathu. Linali lalifupi, lopaka utoto wobiriwira. Agogo analizungulira kamodzi.

"Ili musiye pano, ndiziikamo mbale. Tengani madengu."

"Nanga mvula, bibi?"

"Buku lonyowa limayanikidwa. Chonyamula ana chizioneka."

Anapita ndi madengu pamitu, mabuku ali poyera, ndipo agogo analamula kuti mwana mmodzi azitsogola n'kumafuula mudzi uliwonse asanalowe. Kwa zaka zambiri mabuku a m'midzi ya kuno ankanunkha usipa, ndipo ine mpaka lero ndikatsegula buku latsopano ndimamva ngati likusowa kanthu.

Za tsiku lija agogo sanazitchulenso, koma mawu awo aja a maso awiri sindinawamvenso. Tsiku lina ndikuwathandiza kuyanika chinangwa pathanthwe lomwe lija, anayang'ana kumtsinje nati, "Maso nawonso amanama, Agata. Uzigwira." Kuyambira chaka chimenecho, pamaliro alionse ankafika ndi maso ouma, kudutsa pakati pa olira, kukavundukula nsalu n'kugwira tsaya la womwalirayo. Akatero m'pamene ankakhala pansi n'kulira. Anthu ankanong'ona, ena ankawatchula mayina oipa. Sanasinthe. Tsiku limene iwo anatisiya, amayi anga anayamba kukuwa ali pakhomo, koma ine ndinalowa, ndinagwira tsaya, ndinaika khutu pakamwa. Ndinawatsinanso pantchafu. Ndinadikira ndithu.

Tsopano mdzukulu wanga Neema ali m'kagulu ka ana asukulu kosonkhanitsa mabuku m'nyumba za anthu a ku Mbamba Bay, n'kumakawapereka kumidzi ya kumtunda, mpaka ku Mpepo. Amapita Loweruka, theka la njira pa bodaboda, njinga yamoto ya hayala, kotsalako wapansi. Mwalimu wawo ndi mtsikana waulemu, amandipatsa moni wa shikamoo atapinda mawondo, ndipo sindimukhulupirira. Woyendetsa bodabodayo ndinapita kukaona kumene amagona. Mabuku masiku ano amawaika m'mabokosi a pulasitiki okhala ndi zivundikiro, ndipo gululo limanyamukira pakhomo panga, chifukwa ndinanena kuti popanda kutero Neema sapita. Ndimatsegula lililonse, ndimapisa dzanja mpaka pansi. Zivundikirozo ndimazichotsa. Zaunjikana kuseri kwa chitseko changa.

"Bibi, mukutichititsa manyazi," amatero Neema. "Ndani angaganize kuti m'pulasitiki muli mtembo?"

"Wina amene maso ake ndi akuthwa," ndimamuyankha.

Amaseka, anzake amaseka, amanyamuka. Masana amandiimbira foni kuti afika bwino, ana a kumeneko awalandira ndi nyimbo, gogo wina wapempha buku la zilembo zikuluzikulu. Ndimati, "Chabwino." Mawu a pafoni ndi zakumva. Ndimatulutsa mpando pakhonde, msana kukhoma, nkhope kunjira, ndi beseni la chinangwa kuti manja asakhale chabe. Akatulukira pakhota paja ndimamuona, yunifolomu ili fumbi, bokosi lopanda kanthu lili pamutu, akundikweza dzanja ali patali. Sindimubwezera. Ndimadikira afike, aweramire pansi kundipatsa moni, ndimugwire tsaya, likhale lofunda m'dzanja langa. Pamenepo ndiye ndimati, "Wabwera."